Intaneti ya m'masiteshoni a sitima ili ndi maso

Enanu mudakhalako ku London, sitima zoyenda pansi pa nthaka zija mukuzidziwa. M'chaka cha 2012 kampani ya Virgin Media idaika Wi-Fi m'masiteshoni mwake, munthu n'kumawerenga nkhani pafoni uku akudikira sitima. Zabwino ndithu.

Komatu mu 2019 bungwe loyendetsa sitimazo, Transport for London, lidayamba kugwiritsa ntchito Wi-Fi yomweyo poona m'mene mafoni akuyendera m'siteshoni, ngakhale mwini foni sadalumikize. Adati maina satenga, angofuna kudziwa malo amene anthu amathithikana. Kapena n'zoona. Koma ine ndikufunsa: zotoledwazo akusunga ndani, ndipo mpaka liti? Wosafuna kulondoledwa adangouzidwa kuti azimitse Wi-Fi pafoni yake.