Mawu a Mlendo Wolemekezeka: Zimene Zilembo za Chijapani Zidandiphunzitsa



Boma litanditumiza ku Japan kukachita maphunziro a ntchito, digiri yanga idalephera kundiwerengera ngakhale chikwangwani cha pasiteshoni. Ndidasanduka mwana wa sitandade 1.

Anzathuwo amalemba ndi zilembo zotchedwa kanji, zochokera ku China. Chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo lake, ndipo zambiri zimawerengedwa mwanjira ziwiri kapena kuposa. Cha mtsinje ndi mizere itatu yotsika. Pachokha amati "kawa", koma m'mawu ena amati "sen". Mndandanda wa boma wa 2010 uli ndi zilembo 2,136, ndipo mwana amamaliza pulayimale ataphunzira 1,026.

Chidandipulumutsa ndi timayeso ta pa intaneti. Chilembo chimaoneka, iwe nkuyankha tanthauzo ndi kawerengedwe kake. Ukalakwa, umachibwereza mpaka chitakhazikika. Ndi nzeru yomwe ija ya mapepala a mayeso akale amene tinkayankha pa koloboyi, thukuta lili kamukamu mu Okutobala. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono pempho langa ndi ili. Boma la Japan limapereka mwayi wa maphunziro kudzera ku ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe. Mwana wa ku Chikwawa kapena Nsanje nzeru ali nazo, koma intaneti alibe. Bungwe lathu lisonkhe kangachepe, tigulire sukulu yathu makompyuta angapo, kuti adzatsike ndege akudziwa kuwerenga.