Za Amai Amene Afika pa Msinkhu Wosiya Kusamba

 Lero tiri ndi nkhani imene ambiri amangonong'onezana kuseri, ndiyo ya amai amene akusiya kupita kumwezi. Tiinene poyera ndi mwaulemu.

Coyamba, tidziwe kuti awa si matenda, ndiponso si kulodzedwa iai. Bungwe la za umoyo la WHO likuti amai ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Gwero lake ndi ili: m'thupi mwa mai muli tiziwalo tiwiri tosunga mazira, timenenso timaturutsa homoni yochedwa esitirojeni. Mai akamakula, homoniyi imacepa. Tsono kwa zaka zingapo msambo umadumphadumpha. Mai amamva kutentha kwadzidzidzi kumaso ndi pacifuwa, thukuta usiku, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, ndi kuuma kumalo obisika, kotero kuti kukhala malo amodzi ndi bambo kumawawa. Pakapita miyezi 12 yotsatana osaona msambo, pamenepo ndiye wasiyadi.

Caciwiri, pamene msambo ukudumphadumpha, mai angathe kuima. Musasiye kulera msanga. Wa zaka zoposa 50 adikire caka cathunthu msambo utatha. Wosafika zaka 50 adikire zaka ziwiri. Ndipo kusiya kusamba sikuchinjiriza munthu ku HIV.

Cacitatu, pali zizindikiro zosayenera kuzilekerera. Mai akaonanso magazi atasiya kale kusamba, apite ku cipatala msanga, pakuti khansa ya khomo la ciberekero yatenga amai ambiri m'Malawi muno, pamene ikapezeka msanga imaciritsika. Thukuta la usiku likadza pamodzi ndi kutsokomola ndi kuonda, akayezetse cifuwa cacikuru. Amene zowawa zawakulira anene kwa anamwino mosacita manyazi, cifukwa mankhwala othandiza alipo.

Cacinai, esitirojeni ikacepa mafupa amafooka ndi kuthyoka msanga. Amai adye usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, ndiwo za masamba monga nkhwani ndi bonongwe, ndi mkaka pamene upezeka. Acepetse mcere, apewe fodya ndi kacasu, ndipo akayezetse kuthamanga kwa magazi.

Tsopano kwa inu abambo. Mkazi akafika pa msinkhu umenewu, ena amamuthawa kukafuna wamng'ono, ena amamunena kuti wasanduka mfiti. Zimenezi ndi zocititsa manyazi. Amene anakuberekerani ana, nalima nanu zaka zonsezi, kodi mumutaye lero cifukwa sagona tulo? Mumthandize kutunga madzi, mumperekeze ku cipatala, mumlezere mtima.

Inunso anankungwi, monga mumalangiza namwali pamene watha msinkhu, langizaninso amai awa, kuti asadzidzimuke. Mutu umodzi susenza denga. Mau awa mukawafikitse ku midzi yanu yonse.