DZIRA LIMODZI LILIBE MTENGO

Mau a Komiti ya Nthambi pa msonkhano wa pamwezi

 

Ena atamva kuti lero tikamba za mazira anaseka, nati, "Kodi nthambi yasowa nkhani? Anzathu akamba za misewu ndi feteleza, ife tikambe za nkhuku?" Tiyambe tawayankha amenewa. Chimanga tikolola kamodzi pa chaka, fodya ndi nandolo tigulitsa kamodzi pa chaka, ndipo pofika January ndalama yake yatha kale. Koma nkhuku iikira m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Mchere, sopo, machesi, kope la mwana, ndalama ya kuchigayo, zonsezi m'nyumba zambiri zichokera m'chisa cha nkhuku. Pamene dziko lino linasiya mapaundi ndi masheleni m'chaka cha 1971, ndalama yaing'ono inatchedwa tambala, ndipo matambala 100 anapanga kwacha imodzi. Matambalawo lero sagulanso kanthu, koma dzinalo litikumbutsabe kuti chuma chiyambira pa khola.

Tsono taonani m'mene tigulitsira. Mchere watha m'nyumba. Amai atuma mwana ndi mazira atatu m'mbale kunka kwa mwini tiyirumu kapena golosale. Iye atenga dzira, aligwedeza pa khutu, nati n'laling'ono, natchula mtengo wake. Mwana sangabwerere nalo, pakuti ndiwo zili pamoto. Madzulo dzira lomwelo, laphikidwa ndi kuikidwa kamchere, ligulitsidwa pa siteji ya basi pa mtengo woposa umene tinalandira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wa m'sitolo anakwera msanga, ndipo wa sitolo sanatifunse. Nanga ife a mazira atatu m'mbale, ndani anatimva titati nafenso tikweza?

Sitinabwere pano kudzatukwana ogula. Iwo ali ndi madandaulo atatu, ndipo onse ndi oona. Ati mazira athu ndi ochepa. Ati sadziwa tsiku limene tibwera nawo. Ati pakati pake papezeka losukusa. A ku mafamu akuluakulu abwera ndi mathireyi a mazira 30, ofanana msinkhu, pa tsiku lodziwika. Mukadakhala inu ogula mukadasankha ati? Zitatu zimenezi sizilira nduna kapena phungu kuti azikonze. Zili m'manja mwathu.

Tiwerenge bwino, tisadzinamize. Thadzi lachikuda liikira katatu kapena kanayi pa chaka, mazira 10 kufikira 15 ulendo umodzi, ndiye kuti pa chaka mazira 30 kufikira 60. Achepa chifukwa likatha kuikira likhalira masiku 21, kenaka liyenda ndi anapiye ngati miyezi iwiri, osaikira. Nkhuku ya ku famu iikira pafupifupi mazira 300 pa chaka, komatu idya chakudya chogula, magalamu oposa 100 tsiku lililonse, iikire kapena isaikire. Munthu wokongola ndalama ku banki m'khonde kuti agule zimenezi, asanawerenge matumba a chakudya cha miyezi isanu zisanayambe kuikira, walira mvula osakumbukira matope. Yathuyi ifukula yokha chiswe ndi tizilombo. Tingoionjezera madeya, soya wokazinga wosinja, zinyenyeswa za usipa, ndi zigoba za nkhono zopsereza kuti chigoba cha dzira chilimbe. Amene afuna zoikira kwambiri koma zotha kuyenda pabwalo afunse alangizi a ziweto za nkhuku zakuda zija za Black Australorp, zimene tonse tizitchula dzina la Mikolongwe, famu ya boma ya ku Chiradzulu.

Tsopano tiyerekeze. Nyumba 40, iliyonse ndi mathadzi 5, ndiwo mathadzi 200. Lililonse likaikira mazira 50, pa chaka akwana 10,000. Theka tidye ndi kukhaliritsa; otsala 5,000 tikawagawa pa masabata 52, sabata iliyonse tipeza mathireyi atatu. Mwana wa mazira atatu auzidwa mtengo, koma munthu wa mathireyi atatu Lachisanu lililonse akhala pansi ndi wogula nakambirana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chotero Komiti yanu yapangana mfundo zisanu, ndipo tiziika pamaso panu kuti muzivomere kapena muzikonze.

Choyamba, tizitola mazira tsiku ndi tsiku. M'chisa musiyemo limodzi lolembedwa ndi khala kuti nkhuku isasamuke kukaikira kutchire. Sankhani mathadzi awiri odziwa kulera kuti ndiwo azikhalira. Enawo mukamawachotsera mazira apitiriza kuikira nthawi yotalikirapo.

Chachiwiri, dzira logulitsa tisalitsuke. Chigoba chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo nkhuku poikira ichikuta ndi kachikopa kotseka timabowoto. Madzi achotsa kachikopako, dothi nilowa m'kati. Lopaka zitosi lipukuteni ndi nsalu youma. Sungani mu mphika wadothi wa mankhusu, pa malo ozizira, nsonga yosongoka pansi. Dzuwa ndi mdani, pakuti dzira la nkhuku yoyenda ndi tambala likamva kutentha liyamba kusanduka mwanapiye.

Chachitatu, nyumba iliyonse ipatsidwa nambala yake. Lembani nambalayo ndi tsiku pa dzira ndi pensulo. Loposa masiku asanu ndi awiri silidzalandiridwa. Limene mwalitola kutchire, osadziwa tsiku lake, liikeni m'madzi: latsopano ligona pansi, lakale liimirira, loola liyandama, chifukwa mpweya wa m'kati uchuluka dzira likamakhalitsa. Limene lamira mudye kunyumba tsiku lomwelo. Wogula akabweza losukusa, nambala idzanena mwini wake, ndipo adzabweza awiri. Ichi si nkhanza. Nsomba ikaola imodzi zaola zonse, ndipo dzira limodzi lonunkha lophwanyikira mu ufa wa mandasi a munthu litseka khomo la nyumba 40.

Chachinayi, Lachisanu m'mawa mazira onse asonkhane kwa Msungichuma, ndipo Mlembi alembe m'buku dzina ndi chiwerengero, mwini wake akuona. Mtengo ukhale umodzi, wopangana pa msonkhano, ndipo pasapezeke wozembera kuseri kukagulitsa motsitsa. Bukulo liziwerengedwa pagulu mwezi uliwonse. Mazira okhaliritsa, a m'khola lokhala ndi tambala mmodzi pa mathadzi osaposa khumi, aikidwe padera ndi mtengo wokwererapo. Pamenepa sitipikisana ndi munthu, pakuti dzira la pa thireyi ya ku famu siliswa mwanapiye.

Chachisanu, chitopa. Tonse tachiona nyengo yotentha mvula isanagwe, khola lonse kutha pa sabata imodzi, anthu nadya nkhuku ndi misozi. Chikalowa chilibe mankhwala ochiza, koma katemera alipo, wotchedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, miyezi inayi iliyonse. Pa mazira khumi alionse limodzi lipite ku thumba la katemera. Titemere mudzi wonse tsiku limodzi, pakuti nkhuku sizidziwa malire a bwalo. Ndipo nthenda ikamveka, pasakhale wobwera ndi nkhuku yotsika mtengo ya ku msika.

Tili ndi mau kwa inu abambo anzathu. Amene asesa khola, nathira phulusa kuthamangitsa utitiri, nathamangira kabawi akalira anapiye, ndi amai ndi ana. Ndalama idzaperekedwa m'manja mwa amene dzina lake lili m'buku. Bambo asatulukire pa tsiku lolandira lokha. Wofuna gawo amange khola lolimba losalowa vumbwe, dzina lake lilembedwe.

Kwa inu amai tinena ichi: musagulitse onse. Akale anati mai wapakati akadya dzira abala mwana wopanda tsitsi. Tiwalemekeza makolo athu, koma pamenepa anaphonya. Dzira limanga thupi la mai ndi la mwana amene wayamba kudya phala pa miyezi isanu ndi umodzi. Kugulitsa mazira onse kuti tigule kamba wa m'mapaketi, mwana nagonekedwa ku chipatala chifukwa cha kunyentchera, kumeneko si kutukuka. Mbale ya mwana iyambe, thireyi itsate.

Abale ndi alongo, ife a nthambi ino timanena pa misonkhano yonse kuti munthu wa kumudzi atchule yekha mtengo wa thukuta lake. Ngati tilephera kugwirizana pa dzira, tidzagwirizana bwanji pa chimanga ndi fodya? Ovomera akweze manja, Mlembi awerenge, ndipo alandire nambala zao asanachoke pano. Lachisanu likudzali tiyamba, angakhale mazira awiri okha bwerani nawo.