Nduna Ikamayankha, Timvere Ciani?



Ku Maputo kuli Nyumba ya Malamulo ya aphungu 250. Pa nthawi yocedwa Perguntas ao Governo, zipani zimalemberatu mafunso, ndipo nduna zimadzayankha poyera. Aphungu akapanda kukhutira, amafunsanso.

Nkhaniyi ndi yathu. Kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, ndipo mu 2022 mgodi unapita kwa Vulcan. Lamulo la nchito limalola kampani yaikulu kulemba alendo 5 pa anchito 100 alionse. Ikafuna oposa, ipemphe cilolezo kuboma. Nanga ana athu olembedwa ndi angati? Amai ocita geni pa cipata ca Zóbuè athandizidwa bwanji?

Nduna ikamayankha, mverani zitatu: ciwerengero, malo ndi tsiku. Ikangoti zikukonzedwa, limenelo ndi lonjezo cabe.

Nduna sitizivotera, amazisankha ndi Prezidenti. Koma aphungu oziyankhitsa amalowa ndi voti yathu, kwa zaka zisanu. Akadzabwera kudzapempha voti mu 2029, muwafunse kuti: za nchito ku Tete munafunsapo ciani, ndipo anakuyankhani zotani?