Pepala Lokafunsira Ntchito pa Foni



Agogo athu akafuna ntchito ankamanga kamba n'kuyenda pansi mpaka ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Ankaima pachipata cha famu. Kapitawo ankayang'ana mapewa ndi manja, n'kunena kuti iwe lowa, iwe bwerera. Lero ntchito zambiri za ku Tete ndi ku Moatize zimalengezedwa pa intaneti. Wolemba ntchito sakuonani. Saona mapewa anu, samva mawu anu. Amaona pepala limodzi lokha, lotchedwa CV. Pepala limeneli ndilo limakaima pachipata m'malo mwanu.

CV imalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo tsamba limodzi likwanira. Pamwamba pali Dados pessoais. Apa mulembe dzina monga lilili pa BI yanu, chilembo ndi chilembo. Dzina limene amakuitanirani kudimba lisiyeni kudimba. Mulembenso kumene mukhala ndi nambala ya foni. Nambala ya NUIT, ya manambala 9, muisunge pafupi, pakuti adzaifunsa.

Pa nambala ya foni ndiime pang'ono. Msuwani wanga amadziwa kuwotcherera zitsulo. Anatumiza CV ku kampani ina, koma analembapo nambala ya khadi limene linatayika pamodzi ndi foni yake yakale. Anadikira miyezi iwiri, akumadandaula kuti kopanda wachibale ntchito sipezeka. Pambuyo pake mnzake amene analembedwa kumeneko anamuuza kuti anamuimbira katatu. Malo anapatsa wina. CV ija ndinamulembera ndine, ndipo sindinamufunse ngati nambalayo ikugwirabe. Mpaka lero zimandipweteka. Choncho mukalemba nambala, mnzanu aiwerenge papepalapo ndi kuimba, mumve foni ikulira m'thumba mwanu.

Kenaka pali Habilitações literárias, ndiwo maphunziro. Ngati munalekeza kalasi 4, lembani kalasi 4. Kalasi yathu inonso ilembeni. Musawonjezere, chifukwa tsiku lokaonana nawo adzafuna satifiketi.

Pa Experiência profissional ambiri mumati, "Aphunzitsi, ine sindinagwirepo ntchito." Kodi n'zoona? Bambo amene mwalima mbatata ya kachewere ku Tsangano zaka 10, mukudziwa kuthira feteleza ndi kuyang'anira aganyu. Mayi amene mumasunga ndalama za gulu, mukudziwa kuwerengera ndipo anthu amakukhulupirirani. Kuumba njerwa, kuyendetsa njinga yamoto, kuphikira anthu 50 pamwambo, zonsezi ndi ntchito. Koma musangolemba kuti "ndine wakhama". Aliyense amalemba zimenezo. Lembani chimene munachita, malo ake ndi chaka chake, kuyambira cha posachedwa kubwerera m'mbuyo. Pa Línguas lembani Chinyanja, ndi Chinyungwe ngati mumachilankhula.

Tsopano kutumiza. Mufunika adiresi ya imelo. Kutsegula pa Gmail n'kwaulere, ndipo ikhale ya dzina lanu lenileni. Mawu achinsinsi otsegulira muwalembe m'kope lanu, musawasiye m'mutu mwa mnyamata amene wakuthandizani. Pokatayipitsa CV, muwauze aisunge ngati PDF, kuti mizere isasokonekere pa foni ya wolandira. Fayiloyo ikhale ndi dzina lanu. Werengani chilengezo kawiri: tsiku lotseka ndi liti? Akufuna mapepala ati? Mukatumiza, tsegulani pa Enviados muone ngati CV yapitadi, chifukwa netiweki ya kwathu kuno mukuidziwa.

Ena adzakuimbirani nati, "Ntchito mwaipeza, tumizani ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola tikusungireni malo." Ameneyo ndi wakuba. Musagulitse mbuzi. Dulani foni, ndipo mudzatiuze m'kalasi muno kuti ena asagwemo.

Lachinayi aliyense abwere ndi BI, kope ndi pensulo. Tidzayamba ndi mzere woyamba, wa dzina. Amene muli ndi foni muitchaje, tidzaimbirana mmodzimmodzi.