Uthenga wa Abusa pa Cikondwerero ca Zaka 50: Mboni Sizitseka Pakamwa



Lero mpingo wathu wakwanitsa zaka 50, ndipo tiyenera kuyamika Mulungu. Koma pakati pa cimwemwe cathu ndifuna tifunsane: kodi Uthenga Wabwino umayenda bwanji pamene olamulira auletsa? Buku la Macitidwe, mutu 8, litiuza kuti Stefano ataphedwa, cizunzo cacikulu cinagwera mpingo wa ku Yerusalemu. Atumwi anatsala mumzinda, okhulupirira ena onse nabalalikira ku Yudeya ndi ku Samariya. Othawawo anali anthu wamba, koma kulikonse kumene anafika anauza anthu za Yesu.

Zotere zinacitikanso ku Madagascar, cilumba cacikulu ca kum'mawa kwa Mozambique. Amishoni a London Missionary Society, bungwe lomwe pambuyo pake linatuma David Livingstone, anatsegula masukulu ku Antananarivo namasulira Baibulo m'cinenero ca anthu a kumeneko. Linatha kusindikizidwa mu 1835. Caka comweco Mfumukazi Ranavalona I inaletsa anthu ake kupembedza Kristu, ndipo mu 1836 amishoni otsiriza anacoka.

Taganizani, abale. Akristu aja anali atsopano m'cikhulupiriro, tsono anatsala opanda aphunzitsi ao ndi opanda ufulu wosonkhana. Anayamba kukumana usiku m'nyumba, m'mapanga ndi m'mapiri. Mabaibulo anawabisa, ena nawakwirira pansi. Wodziwa kuwerenga anali kuwerengera anzake, iwo nasunga mavesi pamtima ndi kukauza abale ao.

Mtengo wake unali wowawa. Mu 1837 mai wina dzina lake Rasalama anaphedwa ndi mikondo cifukwa cokana kusiya Yesu. Pa 28 March 1849 Akristu 18 anaphedwa tsiku limodzi: 4 anatenthedwa ndi moto, 14 anaponyedwa kuphompho. Ena anamangidwa maunyolo, ena anagulitsidwa ukapolo, ndipo ena anamwetsedwa tangena, mankhwala akupha onga mwabvi uja makolo athu anali kuudziwa.

Mfumukaziyo inamwalira mu 1861, ndipo mwana wake Radama II anapereka ufulu wa cipembedzo. Amishoni atabwerera anapeza Akristu ocuruka kwambiri kuposa amene anawasiya. Anawalalikira ndani zaka 25 zonsezo? Amai, akapolo, asilikali ndi anyamata amene anaphunzirako kusukulu, yense kuuza mnzake. Pofika 1869 Mfumukazi Ranavalona II nayonso inabatizidwa.

Nanga ife? Mu December 1991 Zambia inalengezedwa kukhala dziko la Cikristu. Palibe wotiletsa kunyamula Baibulo pamseu. Komabe ambiri a ife pamsika, m'basi ndi ku nchito timakhala cete, kuopa kusekedwa. Anzathu a ku Madagascar anali kuopa mkondo koma analankhula. Ife tiopa cabe maso a anthu.

Ndidziwanso kuti pakati pathu alipo amene cikhulupiriro cawabweretsera mabvuto: mai wamasiye amene acibale amutaya cifukwa anakana miyambo yosemphana ndi Mau a Mulungu, kapena mnyamata amene anzake a ku nchito amuda cifukwa akana ziphuphu. Mpingo usawasiye okha. Tiwacezere, tiwathandize ndi cakudya ndi ndalama za sukulu za ana, pakuti kuima kwao ndi ulaliki umene anthu auona.

Polowa m'zaka zina 50, ndikupemphani zinthu zitatu. Banja lililonse liloweze vesi limodzi pa sabata, kuti Mau akhale m'mitima ya ana athu. Mkristu aliyense asankhe munthu mmodzi, amupempherere ndi kumuuza za Yesu caka cino cisanathe. Ndipo m'mapemphero athu a Sondo tizikumbukira abale amene azunzidwa lero, monga a ku Eritrea ndi a kumpoto kwa Nigeria.

Amene anayamba mpingo uno anatisiyira Uthenga. Adzukulu athu adzaumva pokhapokha ife titsegula pakamwa. Ambuye atipatse kulimba mtima, ndipo cisomo cake cikhale ndi inu nonse. Amen.