Nthenda ya Mitsempha ya Mtima: Mau kwa Anthu a ku Mchinji



Mtima umagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo uli ndi mitsempha yakeyake yaing'ono yoidyetsa magazi. Mafuta akaunjikana m'mitsempha imeneyi njira imachepa, monga mfuleni wodzala mchenga. Tsono munthu akamakwera chitunda, kapena kupalasa njinga ya mtedza kunka ku msika wa Kamwendo, amamva chifuwa kuthina ngati pakhala mwala. Ululu umatha kufika kudzanja lamanzere kapena kuchibwano, ndipo akapuma umaleka. Mtsempha ukatsekekeratu, munthu angathe kufa tsiku lomwelo. Pamudzi pamayamba kulozana zala, koma umenewu si ufiti ai.

Madotolo anadziwa bwanji zimenezi? M'chaka cha 1948 anayamba kupima anthu oposa 5,000 a m'mudzi wa Framingham ku America, nawatsata zaka zambiri. Anapeza kuti nthendayi imakonda osuta fodya, othamanga magazi ndi a mafuta ambiri m'magazi.

Wina asati imeneyi ndi nthenda ya Azungu. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO unapima anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno. Mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri zedi sanali kudziwa kanthu.

Thandizo lilipo. Makina otchedwa ECG amalemba kugunda kwa mtima papepala, dotolo n'kuwerenga. Mu 1977 dotolo Andreas Grüntzig wa ku Zurich anatsegula mtsempha wothina ndi kabaluni kolowetsa m'kati mwa mtsempha. Koma thandizo lotere n'lodula, ndipo mlimi wa ku Mkanda sangalipeze msanga. Chimene angachipeze pafupi ndicho kupimitsa magazi ake pa mkono, ntchito ya mphindi zochepa yosapweteka konse.

Chifukwa chake munthu wamkulu aliyense apite kuchipatala cha Boma ku Mchinji, ku Kapiri, kapena chipatala china chapafupi, ngakhale akumva bwino. Wopatsidwa mankhwala amwe tsiku ndi tsiku monga anenera dotolo, asaleke poona kuti wapeza bwino. Achepetse mchere m'ndiwo. Wosuta fodya aleke. Womva kuthina pachifuwa kosaleka atengedwe kuchipatala nthawi yomweyo, asadikire kuti kuche.

Aphunzitsi awerengere mau awa anthu osadziwa kuwerenga, ndipo mafumu awanene pabwalo.